Miyendo ya Atelala Ikukana Kugona

3 Malichi

Wokondedwa Kabatani,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Ndikhulupirira uli bwino, ndipo anthu ako a ku fakitale ya zovala akukuopabe monga mwa nthawi zonse. Kuno mlamu wako ali bwino, ana akukula ngati wina akuwakoka, Amayi alipo. Za Bambo ndizo zandigwiritsa cholembera.

Usadabwe kuti mchimwene wako, mphunzitsi wathunthu, wayamba kulemba makalata ngati wagwa m'chikondi. Pa foni sizikutheka. Ukangoimba, Bambo amaimitsa makina, amakoka mpando n'kukhala pafupi, ndiye tonse timangoti, "Tili bwino, tili bwino," ngati kwaya. Sitili bwino.

Vuto lawo la miyendo lija ukulikumbukira. Akakhala pansi madzulo, kapena akangodziponya pabedi, miyendo imayamba zake. Iwo amati zimakhala ngati nyerere zalowa m'mafupa n'kumafunafuna potulukira. Si ululu, si dzanzi, kukanda sikuthandiza. Chothandiza n'kuiyendetsa miyendoyo basi. Zaka zonsezi kapiritsi kamodzi ka madzulo kankazigoneka nyererezo. Kenako kamodzi kanaleka kukwana, ku chipatala chathu chaching'ono anawonjezera, n'kudzawonjezeranso. Pano nyerere sizidikiranso kuti dzuwa lilowe. Zimayamba masana, ndipo zakwera mpaka m'mikono. Sabata yatha anali kuyeza kasitomala, tepi ili m'chiuno mwa munthu, mwadzidzidzi n'kuyamba kupondaponda ngati akuphunzira usilikali. Munthuyo, pofuna kusonyeza ulemu, nayenso anayamba kupondaponda.

Tinapita nawo ku chipatala chachikulu. Adokotala ake ndi mayi wosaseka koma wofotokoza bwino. Akuti mapiritsi omwewo amene ankathandiza ndiwo akukolezera matendawa tsopano. Ukawonjezera umapumako pang'ono, kenako zimabwerera zitanenepa. Njira ndi imodzi, kuwasiya. Koma osati kamodzin'kamodzi. Azichepetsa pang'onopang'ono uku akuyamba mankhwala ena atsopano, komanso owonjezera ayironi, poti m'magazi mwawo wachepa. Anatichenjezeratu kuti pochepetsapo zinthu ziipa kaye zisanakhale bwino, tulo tisowa, ndipo anthu ambiri amagonjera pomwepo n'kubwerera ku akale aja. Bambo akabwerera, akuti, tsiku lidzafika loti sangathe kukhala pampando n'kusokerera ngakhale batani limodzi.

Botolo la mapiritsi akalewo adokotala sanalipereke kwa mwini wake. Anayang'ana Bambo, anayang'ana ine, n'kulipereka kwa Amayi. Ine ndi digiri yanga ndinangokhala ngati chikwama chomwe abwera nacho. Tiyi wa madzulo awaletsanso, ndipo Bambo akuti zimenezo zapitirira udokotala, zafika pa nkhanza.

Ntchito ndiye sanasiye. Ife kunyumba kwathu kuseli kuno timagona tikumva makina akulira m'shopu, monga umawadziwira bambo ako. Uyankhe msanga.

Ndine mchimwene wako,
Aphunzitsi

14 Malichi

Achimwene,

Moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa ana. Kalata yanu ndakaiwerengera m'chimbudzi cha ku ntchito, poti ndi malo okhawo amene kapitawo angalire anthu ake osamuona.

Mwandiopsa. Koma chimene chandibaya kwambiri ndi mawu anu omalizira aja. Munthu wodwala miyendo, wa msinkhu umene uja, akupalasabe makina mpaka usiku, inu n'kumagona mukumva? Kuno ndimayang'anira mizere ya makina yosaoneka pothera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amapalasa. Umangogunda ndi nsonga ya phazi, nsalu n'kumathamanga yokha. Atsikana anga ataona makina a Bambo angafunse kuti mumagaya chiyani. Miyendo ija yakhala ikulimbana ndi chitsulo chija ine ndisanabadwe, ilekerenji kudandaula?

Pa basi ya Loweruka ndatumiza mota ya magetsi yoyendetsa makina. Ili m'katoni pamodzi ndi lamba wake ndi kopondera kake kakang'ono. Mupeze wamagetsi wodziwa ntchito, osati mnzanu uja anatiyatsira fyuzi pa ukwati wanu. Tebulo lamatabwa mukapangitse kwa akalipentala, zolipirira zili mu envulopu. Chitebulo chachitsulo chija, ndi chigudumu chake ndi chopalasira chake, muchichotseretu panyumbapo. Bambo ndimawadziwa. Chikakhala pafupi, magetsi akangophethira abwereranso. Musawafunse maganizo, mungowauza kuti Kabatani watumiza.

Kodi akudya? Mankhwala atsopanowo akuwatenga bwanji? Nanga Amayi akukwanitsa? Musandisankhire nkhani, Achimwene. Ndili kutali koma si ine mwana.

Mlongo wanu,
Kabatani

29 Malichi

Akapitawo,

Moni. Malamulo anu atsatidwa onse, musatichotse ntchito.

Mota inafika yamoyo. Wamagetsi anaimanga, akalipentala anabweretsa tebulo lonunkha vanishi, tinasamutsira makina pamenepo. Bambo anaimirira poteropo manja ali kumbuyo, n'kungoti, "Mwana waganiza." Amayi anafuna kunena kanthu, Bambo anawayang'ana, Amayi n'kupita kukaona mphika womwe sunali pamoto. Poyesa koyamba mota inathawa ndi nsalu, thumba la thalauza ya abusa n'kusokeka lonse. Lamulungu lapitali analalikira manja ali panja, ndipo anthu akuti uthenga unali wamphamvu.

Chitebulo chachitsulo ndinapatsa Ometa a pafupi aja. Aikapo thabwa ndi galasi, ndipo akuti shopu yawo tsopano ikuoneka ya mumzinda.

Nthabwala zathera pamenepa. Mapiritsi akale afika pa theka, ndipo zimene adokotala ananena zija zafika zonse, zina n'kubwera ndi abale awo. Bambo sakugona. Amayenda. Kuchoka m'shopu, kudutsa pabalaza, kutulukira khomo la kuseli, kuzungulira thanki ya madzi, kubwerera. Pa kapinga wa mlamu wako papangika kanjira. Maso afiira ngati munthu wokhalira utsi. M'mawa mankhwala atsopano aja amawachititsa chizungulire, amayenda akugwira khoma. Lachiwiri anadula manja awiri a malaya, onse a kumanja. Bambo amenewa, amene ankatikalipira tikataya kansalu kokwana chikhatho! Anawayang'ana manjawo nthawi yaitali, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika pansi pa nsalu zina. Ine ndinayerekeza kuwerenga nyuzipepala.

Ndinabwerera kwa adokotala. Akuti n'zoyembekezeka, tipirire, aziwongola miyendo ndi kuiviika m'madzi ofunda madzulo. Ndinafunsa ngati tingawagulire mapiritsi a chimfine ogonetsa aja, kuti apezeko tulo. Anandiyang'ana ngati ndapempha mankhwala a makoswe. Akuti amenewo ndiwo amaiutsa miyendo zenizeni.

Chabwino chokha n'chakuti madzulo m'shopu muli zii. Makina saliranso, ndiye kumbali ya kupalasa miyendo ikupumula monga unafunira. Chifukwa chimene miyendoyo siikuthokozera sindikuchidziwa.

Aphunzitsi

2 Epulo

Mwana wanga Kabatani,

Ndine bambo ako. Ndikupatsa moni ndipo ndikufunsa za moyo wako ndi ntchito yako. Ine ndili bwino, kungoti ukalamba.

Ndalandira mota. Zikomo kwambiri, mwana wanga. Ndi chinthu champhamvu ndiponso chaulemu. Anthu odutsa amaima pawindo kuti aione. Mpendero umene unkanditengera nthawi, pano ndikangoti ndiyambe ndapezeka ndamaliza. Sindinaganizepo kuti mwana amene ankagona m'dengu la zidutswa za nsalu adzandigulira chinthu chotere. Mulungu akuonjezere pomwe wachotsapo.

Tsopano pali kanthu kakang'ono. Mu envulopumu ndaikamo kapepala kamene ndang'amba pa katoni ka mankhwala anga akale, dzina lake lili pomwepo. Kwanuko mafamasi ndi ambiri ndipo safunsa mafunso ngati kuno. Amayi ako asanduka msilikali. Amandipatsa kachidutswa kosaoneka ndi maso, n'kuimirira mpaka ndimeze, botolo n'kulibisa kumene sindingafike. Sindikuwanena, akuchita zimene anauzidwa.

Sindikupempha ambiri. Ndikufuna ndigone usiku umodzi wokha, ndikumbukire mmene zimakhalira, kenako ndipitirize zimene adokotala akufuna. Munthu ukakhala osagona umayamba kuona zinthu zikusuntha pakhoma. Ndimaopa kugwira sizasi.

Utumize kudzera kwa kondakitala wa basi ya Loweruka, unene kuti ndi mabobini a ulusi. Amayi ako usawauze, ali ndi zambiri. Mchimwene wakonso usamuuze, pakamwa pake sipatsekeka, ndi matenda a ntchito yake.

Ndine bambo ako okukonda

8 Epulo

Amayi,

Moni Amayi. Kalatayi ndalemba dzina la alamu pamwamba kuti ikufikeni m'manja mwanu, muwerengere kukhitchini.

Pali chinthu chimene Bambo andipempha, ndipo anati ndisakuuzeni, ndiye sindikukuuzani. Ndingokufunsani funso. Kodi usiku umodzi wokha ungagwetse ntchito yonse? Munthu atagona kamodzi, si ndiye angapeze mphamvu zopitirizira?

Chibadwire Bambo sanandipemphepo kanthu, ngakhale madzi akumwa. Zilembo zawo, Amayi, mukanaziona. Munthu amene amajambula mzere wowongoka ndi choko popanda rula, mawu ake akutsetsereka papepala ngati akugwa paphiri. Wa famasi ya pafupi ndi kwathu ndi mnzanga wa kutchalitchi, ndipo sanandifunse zambiri. Katoni kali m'chikwama changa. Ndimapita nako ku ntchito, ndimabwera nako. Loweruka lapitali ndinafika nako mpaka pa depoti n'kubwerera.

Inu ndinu muli nawo pafupi. Mukakhala chete, Loweruka likubwerali nditumiza. Sindingathe kumangodya ndi kugona kuno ngati sindinawerenge kalata ija.

Mwana wanu,
Kabatani

9 Epulo

Kabatani,

Usatumize.

Moni ndikupatsa pambuyo, ndayamba ndi zofunika. Mlamu wako akuthamangira nayo ku basi ya mawa m'mawa, ndiye ndilemba mwachangu, usaseke zilembo.

Adokotala anandiuza ine pandekha, mchimwene wako atapita kukafuna chimbudzi. Anati, "Mayi, adzakupemphani usiku umodzi. Usiku umodziwo umabala unzake." Ndiye yankho la funso lako ndi limenelo.

Dzulo masana anandipeza ndikuchapa kuseli. Anagwada pa simenti yonyowa. Munthu amene sanandigwadirepo ngakhale pondifunsira. Anati, "Mayi a ana, theka lokha." Botolo linali mu kamisolo mwanga, ndinkalimva ngati khala la moto. Ndinati, "Dzukani, thalauza inyowa." Anadzuka. Mpaka pano sanandiyankhule. Akadzagwadanso sindikudziwa ngati pakamwa panga padzatuluke zomwezo, ndiye iwe usandionjezere katundu.

Tsopano ndikuuze zimene anandiletsa. Poti iwe waphwanya lamulo lako, nanenso ndiphwanya langa.

Inu ana mumatama bambo anu kuti ndi akhama, amasoka mpaka usiku. Akhama ndi akhamadi, koma ntchito ya eni amaimaliza dzuwa lisanalowe, kuyambira kale. Zimene munkamva zija sikunali kusoka. Nyerere zikayamba, ankachotsa singano, kuchotsa ulusi, n'kumangopalasa. Ankapalasa mpaka miyendo itatopa n'kukhala chete, ndiye n'kubwera kudzagona. Ankachita manyazi kuti ana angadziwe zoti bambo awo akupalasa mphepo, n'chifukwa chake ankayala nsalu pamakina kuti wolowa aziona ngati ntchito. Mapiritsi ankagwira mbali yawo, chopalasira chija chinkagwira mbali yake. Tsopano mwezi umodzi womwewo adokotala achotsa china, iwe wachotsa chinzake. Kuyenda kumawathandiza, koma munthu wa chizungulire kuzungulira thanki mumdima, ine mtima umakhala m'mwamba. Agwapo kale kamodzi, bondo lili ndi bala, mchimwene wako sakudziwa.

Tsiku lochotsa lija ndinafuna kunena. Pambuyo pake anandiuza kuti, "Mwana wadzimana kuti agule chinthu chimenechi. Ukamuuza, ine ndi iwe tidana." Ndiye poti kudanako tadana kale, palibe chimene ndikutaya.

Usalire, sunalakwe dala. Unaona miyendo yotopa, unaigulira mpumulo. Kungoti miyendo ya bambo ako mpumulo ndiwo mdani wake.

Moni tsopano. Uzidya.

Amayi ako

13 Epulo

Achimwene,

Moni. Katoni kena kamene simukukadziwa ndakabweza ku famasi, Amayi akufotokozerani.

Mukangowerenga kalatayi mupite kwa Ometa. Osati mawa, osati mukaweruka. Ana a sukulu muwapatse zolemba. Chitebulo chija chibwerere m'shopu lero, ndi gudumu lake ndi chopalasira chake. Ometa akavuta muwalonjeze chilichonse, ndidzawametetsa mutu wanga womwe ngati akufuna.

Ine ndi ukapitawo wanga, inu ndi digiri yanu, tinakhala m'nyumba imene ija zaka zonse zija osamva kuti makina akulira opanda singano? Ine ndimadziwa makina amene aduka ulusi ndili kumapeto kwa holo!

Mundiuze zoona zake za bondo.

Kabatani

22 Epulo

Kabatani,

Moni. Bondo likupola. Digiri ndiyo ili kayakaya.

Ometa anavuta. Anati chinthu anapatsidwa pamaso pa anthu, makasitomala achizolowera, ndipo galasi lawo lilibenso kwina kokhala. Ndinawafotokozera za nyerere, za mapiritsi, za ayironi, iwo akungometa munthu. Kenako anatulukira Amayi. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, amuna anga sakugona." Basi. Ometa anasiya mutu wa munthu uli theka, anatsitsa galasi, ndipo tinanyamulizana chitebulocho mumsewu, wometedwa theka uja akutitsogolera kuti njinga zitipatse njira. Tebulo lako la vanishi ndilo lapita kwa Ometa, ndipo akuti apindula.

Kunyumba nkhondo inali ina. Bambo atationa anati, "Ndani wanena kuti mota yandivuta? Mukufuna mwana amve kuti ndakana mphatso yake?" Anakhala pampando n'kugwira makina ngati tikuwalanda. Wamagetsi uja ndiye anatipulumutsa. Akuti palibe chifukwa chochotsera mota. Makina abwerere pa tebulo lawo lakale mota ili pomwepo, masana azikoleka lamba wa mota, madzulo azikoleka wa gudumu. Akuti akanatiuza tsiku loyamba lomwe, koma tinkaoneka anthu odziwa zimene tikuchita.

Ndinati ndithamange kukagula lamba wachikopa, poti wakale uja ndinamutaya ndekha kudzala. Bambo anadzuka. Anatsegula kabati ya mabatani, n'kumutulutsa, wopukutidwa, wopakidwa mafuta, wokulungidwa m'kansalu. Palibe anayang'ana mnzake.

Usaganize kuti zatha. Madzulo amapalasa, ndipo nsalu sayalanso pamwamba. Tulo timabwera pang'ono cha kum'bandakucha, tina timakana. Kuthanki sapitakonso, ndiye Amayi akupumako. Koma mapiritsi akale atsala kachidutswa kotsiriza, ndipo sabata ya mawa adokotala akuti asiyiretu. Akuti pamenepo ndiye pamagwa anthu. Bambo akuyankhula ndi Amayi mawu awiri okha, "madzi" ndi "zikomo". Amayi aonda. Ine ndikaweruka ndimayamba ndaima pageti kumvetsera ndisanalowe, sindikudziwa kuti ndimayembekeza kumva chiyani.

Upemphere, ndipo Loweruka usatumize chilichonse, ngakhale mabobini enieni.

Aphunzitsi

13 Meyi

Mwana wanga Kabatani,

Ndikupatsa moni. Ndamva kuti m'banja muno mulibe munthu wosunga chinsinsi, kuyambira amayi ako mpaka iwe. Ndakhululuka, koma ndaona.

Mapiritsi akale ndinasiya. Sindikunamiza, masiku oyamba anali oipa kuposa onse. Ndinapalasa mpaka ndinaganiza kuti ndikanakhala pa njinga ndikanakupeza kumeneko. Ndinapemphanso, kawiri. Kachiwiriko amayi ako anatulutsa botolo, analiika pa makina patsogolo panga, n'kunena kuti, "Ine ndatopa. Imwani, koma mukawauze nokha adokotala, ndi mwana wanu mumulembere nokha." Anakhala pa mpando wa makasitomala akulira. Ndinaliyang'ana botololo, miyendo ikupalasa. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kutacha linali pomwepo, lotseka. Tinapita tonse kukalisiya ku chipatala, ndipo adokotala aja anamwetulira. Ali ndi mano abwino, sindikudziwa amawabisiranji.

Akuti matendawa sachoka, ndi mlendi wosasamuka, koma akhoza kuphunzitsidwa ulemu. M'mikono mwasiya. Masana ndimakhala pansi ngati munthu. Madzulo zimabwerabe, masiku ena kwambiri. Mankhwala atsopano akuwasinthabe muyeso, ndipo magazi adzawayezanso. Sindinafike, koma ndili m'njira.

Mota ndaizolowera, tsopano imandimvera. Pano ndikusoka diresi la mayi wina wopita ku ukwati wa mwana wake, nsalu yoterera ngati nsomba, ndipo mota ikuigwira bwino kuposa mmene ndikanachitira ndi phazi. Ndapumira kaye kuti ndikulembere. Chimene ndimafuna kukuuza kwenikweni n'chakuti kalata ija ndinakulembera, sindinayenere kukusenzetsa, ndipo amayi ako

Kabatani, ndine amayi ako. Ndawapeza chonchi, cholembera chili m'manja, tsaya lili pa diresi la eni, dzuwa likuswa mtengo. Miyendo ili phee pansi pa tebulo. Ndinayamba ndaopa. Ndaika dzanja pamsana, akupuma. Ndapita kukhitchini, ndabwerera, ndaikanso, akupumabe. Ana a mchimwene wako ndawathamangitsira kwa aneba, wailesi ya Ometa ndakazimitsa ndekha. Usiku wa lero sindikudziwa kuti ukhala bwanji, mwina tilipira tulo timeneti. Za ine zimene amafuna kulemba udzawafunse wekha, ine sindiwadzutsa.

Mwini diresi wabwera. Ndamuimitsa ndi dzanja ali pageti. Wanong'ona kuti ukwati ndi wa Loweruka. Ndamuyankha ndi milomo yokha kuti lero ndi Lachitatu.